Bulangete la Mayi a Safiya

Mphuno yanga inafa kalekale. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikumata maboti a faiba pa Chia, nkhope ili m'chitini cha rezini, guluu wonunkha womatira faiba, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti fungo lililonse sindikulimvanso. Usipa wowola, utsi wa injini, mpunga wa kilombero uli pamoto, kwa ine zonse n'chimodzimodzi. Mkazi wanga Aziza ndiye anali mphuno yanga. Akati, "Malaya amenewo vulani, simungalowe nawo mumzikiti," ndinkavula osafunsa.

Aziza anamwalira Lachiwiri m'mawa kuchipatala cha kuboma, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titamuika kale, monga timachitira ife Asilamu. Anthu analira. Ine ndinaima kumanda kuyang'ana mmene achibale akuyalira matabwa, n'kumaganiza kuti thabwa lachitatulo alidula mokhota. Ndizo zinali m'mutu mwanga, sindikunama. Ndinati mwina chisoni chibwera mawa. Mawa linafika, mkuja nalonso, koma mumtima munangoti zii ngati mwendo wochita dzanzi.

Mwana tinabereka mmodzi, Safiya, amene amasoka zovala ku Salima. Maliro atatha anatsala, akuti adikire arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi ija, pamene timagawanso zovala za womwalira. Ine ndi Safiya sitinayambanepo, komanso sitinachezepo. Zonse zinkadutsa mwa mayi ake. "Muwauze ababa kuti singano ya makina yathyoka." "Umuuze mwana wakoyo kuti asamakwere njinga zamoto." Tsopano wouza panalibe, ndiye tinkadya aliyense atayang'ana m'mbale mwake.

Tsiku lina ndinamumva kuseri kwa khitchini akulankhula ndi mlongo wanga Rahila.

"Arobaini ikangotha ndikupita, azakhali, ndipo kuno sindidzapondanso. Ndizidzabwera kwa ndani? Munthu sanagwetse ngakhale dontho limodzi la msozi."

Ndinamva bwinobwino. Ndinadziwa kuti mwana akundichoka, ndipo ndinadziwanso kuti bambo wanzeru zake akanatuluka n'kukamuitana. Ine ndinapita kushedi kukafuna sandipepa.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tichite arobaini, panaima galimoto ya Sienta yoyera pakhomo. Anatsika Tryson, bambo wa ana atatu wa ku Dwangwa, amene makolo ake anachokera kumpoto kudzagwira ntchito ya mizimbe. Amanyamula anthu pamsewu wa M5, ndipo pakamwa pake sipatseka.

"Monire, dada. Pepani, zovutazi tinazimva," anatero atagwira chipewa pachifuwa. Chipepeso chija chisanafike n'komwe pansi, anali atatsegula kale kubuti.

Munali katoni, m'katonimo muli chisipika chachikulu ngati beseni losambitsira khanda. Akuti dzina lake ndi sabuwufa, chija chimagunda pansipansi mpaka mano kumachita kugwedera. Anali nacho m'bokosi lamatabwa, koma bokosilo linkadya malo a katundu, ndipo madzi a nsomba za makasitomala analiwoletsa. Tsopano ankafuna bokosi la faiba loumbidwa m'kona mwa galimoto, pamwamba pa tayala, loti lilowe ndendende osasiya mpata.

"Aliyense akuti dokotala wa faiba ndi a Rashid a pa Chia," anatero.

"Ine ndimakonza maboti," ndinamuyankha, "zinthu zoti anthu akapezere ndiwo. Zogonthetsa anthu m'makutuzi si zanga."

"Dada, pasiteji masiku ano wopanda nyimbo amanyamula mphepo. Tangoonani kaye."

Anandiikira foni kumaso. Munali mzungu m'galaja yowala ngati chipatala, atavala chophimba kumphuno cha mapaipi awiri, akuumba chinthu chomwecho. Kulankhula kunachuluka kuposa ntchito, ndipo burashi ankaigwira ngati akupaka hina m'manja mwa mkwatibwi. Koma njira yake ndinaiona, ndipo sinali yachilendo. Ndinavomera. Si kuti ndinaikonda ntchitoyo, koma manja anga anali atatopa ndi kukhala pamaondo kulandira anthu opepesa.

Tinayamba tsiku lomwelo. Ndinamata tepi m'kona monsemo, mizere iwiriiwiri, pamwamba pake n'kuyala pepala lonyezimira lija amakutira nyama yootcha, kenako n'kupaka polishi wapansi kuti faiba asadzakakamire kugalimoto. Faiba amabwera ngati nsalu yoyera ya ulusi woyabwa. Umamung'amba ndi manja, osadula ndi sizasi, kuti m'mphepete mwake mulumikizane bwino. Rezini ndinathira m'chitini, n'kudonthezamo mankhwala oumitsa. Kukatentha ngati mmene kunkatenthera Okutobala ameneyo, umachepetsa madontho, apo ayi rezini amakuumira burashi ili m'manja. Tryson anaima patali atatseka mphuno ndi chipewa, maso akulengeza misozi.

"Inu simukumva zimenezi, dada?"

"Ayi."

"Mwayi wanu."

Nditayala katatu, tinadikira. Chitauma ndinachikanula ndi supuni ya matayala, chinatuluka chigoba chokhota ngati cha kamba, chokhala ndi mabampu onse a m'kona muja. Tryson anapita ndi galimoto yake, n'kulonjeza kuti mawa atumiza juzi yakale yotamuka, chifukwa kutsogolo kwa bokosilo kumafuna nsalu yoti uikoke mbali zonse.

M'mawa mwake ndinadula mkombero wa pulayiwudi woti mudzakhale chisipika chija, n'kuuimika pamwamba pa chigobacho ndi timitengo ta nsungwi. Kapepala ka m'katoni kanati m'kati mwa bokosi mukhale mpata wa malita makumi atatu ndi asanu. Mzungu uja ankayeza ndi tinthu toyera ta m'sitolo. Ine ndinatapa mankhusu a mpunga kuchigayo, n'kuthira zigubu zisanu ndi ziwiri za malita asanu, ndipo pomwe analekeza ndi pomwe ndinalemba mzere. Pofika leveni koloko zonse zinali zokonzeka kupatula nsalu. Juzi ya Tryson sinabwere, foni yake osagwira. Anthu a pamsewu ndi choncho, malonjezo awo amathera pasiteji.

Safiya anali atapita kuboma ndi Rahila kukagula zofunika pa sadaka. Ndinalowa m'nyumba kukafuna nsalu. Chitenje sichitamuka, thumba la saka nalonso ayi. Mtolo wa zovala za Aziza unali pakona, womangidwa, ndipo sindinaukhudze, mwambo ndimaudziwa. Koma kuchipinda kumene ankagona Safiya, pambali pa pilo, panali kabulangete kopindidwa bwino, kobiriwira ka maluwa achikasu, ka pa kaunjika, kothothoka ubweya m'mphepete.

Ndinalidziwa bulangete limenelo, ndipo sindinama kuti sindinalidziwe. Ndi limene Aziza ankafunda kuchipatala, chifukwa matenda ake ankamupatsa kuzizidwa ngakhale anthu ena akuvula malaya. Ndinalinyamula, ndinalikoka uku, linatamuka. Ndinalikoka uko, linatamukanso. M'mutu mwanga munabwera mawu awiri okha: silili mumtolo, ndiye si logawa, ndipo likwana. Ndinatuluka nalo.

Ndinaliphimba pamkombero uja n'kulikokera kumbuyo kwa chigoba, kukhoma ndi timisomali, kukokanso, mpaka makwinya onse anatha, linati gwa ngati chikopa cha ng'oma. Zotsala m'mphepete ndinadula ndi sizasi. Kenako ndinasakaniza rezini wambiri n'kuyamba kunyowetsa. Bulangete limamwa, si masewera. Maluwa achikasu aja anayamba kuda, n'kusanduka ngati uchi, kobiriwira kuja kukhala ngati ndere. Mphindi makumi awiri zisanathe linatentha, linauma, ndipo nditagogoda ndi chala linalira kuti go, go. Tizidutswa tija ndinapukutira burashi ndi manja n'kutitaya m'dzenje. Kamodzi kokha kanali kakatali, ndiye ndinakamanga mfundo kumbuyo kwa mutu kuti kanditchinge fumbi pokwecha, chifukwa fumbi la faiba limanditsokomoletsa.

Safiya anafika cha m'ma thili koloko. Ndinamumva akutula katundu, akulowa kuchipinda, kenako akusuntha mphasa, akutsegula chikwama, akutsekanso. Anatulukira pakhomo la shedi.

"Ababa, bulangete la amayi mwaliona?"

Ndinaloza ndi burashi.

Anayang'ana nthawi yaitali asanamvetse chimene akuona. Anayandikira, anagwada, n'kuika chikhato pamaluwa aja. Anayesa kutsina ndi zikhadabo kuti mwina pena patsala pofewa. Kenako anawerama n'kugunditsa mphuno, ndipo anadzuka akutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"Mwachita chiyani?"

"Pamafunika nsalu yotamuka. Silinali mumtolo."

"Silinali mumtolo chifukwa ndinalichotsa ine! Sindinalichape dala. Azakhali ankafuna kulichapa, ndinawakaniza. Linkanunkhira amayi, ababa. Zovala zonse zija tinachapa, latsala lokhali limene munali amayi."

"Linkanunkhira?" ndinafunsa.

Funso lopusa, ndikudziwa. Koma ndinalifunsa moona mtima. M'mutu mwanga simunabwerepo kuti nsalu ingasunge munthu. Kwa ine bulangete linali ndi kutalika, kukhuthala ndi kutamuka, basi.

Safiya anandiyang'ana ngati akuona mlendo amene walowa m'nyumba popanda odi. Sanakuwenso. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi munkawakonda n'komwe?" Yankho ndinali nalo, koma linakhala pansi penipeni, ndipo pamene ndinkalifunafuna iye anali atanyamula kale chikwama. Anapita kukakhala kwa Rahila, nyumba zisanu kuchokera pathu.

Mukuganiza kuti ndinathamangira kumeneko? Ndinayang'ana m'chitini, ndinaona kuti rezini wotsala ayamba kulimba, ndiye ndinamumalizira m'makona.

Masiku anayi otsatira ndinagwira ntchito. Bulangete louma ndi chikombole chabe, mphamvu imachokera m'kati, ndiye ndinkalowetsa dzanja pabowo la chisipika n'kumayala faiba kumbuyo kwake. Mzungu uja anati kasanu. Ine ndinayala kasanu ndi kawiri, ngati pansi pa boti loti likagunde miyala. Nditamaliza ndinadzazamo madzi n'kulisiya padzuwa theka la tsiku, chifukwa ine chinthu ndimachikhulupirira chikakana kudontha. Silinadonthe. Ndinakhuthula, ndinaumitsa, n'kuyamba kukwecha ndi sandipepa, kansalu kaja kali kumphuno. Ndikatopa ndinkakatsitsira m'khosi. Chakudya ankabweretsa Rahila, n'kuchiika pakhomo mochita kumenyetsa.

"Achimwene, munali wouma mutu kuyambira muli mwana, koma apa mwaonjeza," anatero tsiku lachiwiri. "Madzi akatayika saoleka. Palibe kachidutswa kalikonse koti mukamupatse mwanayu?"

"Ndinapukutira rezini. Tizidutswato tili m'dzenje, tonse tinauma."

"Ndiye mukangomupepesa pakamwa."

"Ndikanene kuti chiyani?"

Rahila anatsonya n'kumapita. Akanayang'ana m'khosi mwanga akanaona, koma kansaluko kanali katayera ndi fumbi, ndipo ine mwini sindinkakaganizira n'komwe.

Arobaini tinachita Loweruka. Shehe anawerenga, anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, amayi anamasula mtolo n'kugawana zovala. Safiya ankatumikira alendo, ndipo mbale yanga anapatsira munthu wina kuti andibweretsere. Madzulo ake Rahila anandiuza kuti mwana anyamuka mawa m'mawa.

Lamlungu m'mamawa, ndikukwecha komaliza, Tryson anatulukira, akuseka ngati juzi ija anatumiza. Bokosi linalowa m'kona muja kuti tswii, osasowa ngakhale kugogoda. Anamanga chisipika ndi masikuluwu, analumikiza mawaya, n'kutulutsa kapeti wakuda woti amate pamwamba.

"Maluwawa ndi achizimayi, dada, anzanga angandiseke. Tiphimbe."

"Phimba ukafika kwanu," ndinatero. "Pano ayi."

Anapinda kapeti uja n'kumuika pambali. Anakhala pampando n'kuyatsa nyimbo. Chinthu chija chinagunda, galasi lakumbuyo linanjenjemera, nkhuku za aneba zinabalalika. M'chifuwa mwanga munagwedezeka, ndipo kwa kamphindi ndinati mwina ndi chisoni chija chafika. Atazimitsa, munangoti zii ngati kale. Chinali chisipika basi.

"Palibe pomwe pakupuma mpweya! Dada, inu ndi katswiri," anatero Tryson akundigwira chanza. Kenako analoza m'khosi mwanga. "Koma sikafu yanuyi, maluwa ake ndi omwewa eti? Mwachita yunifolomu ndi bokosi."

Ndinagwira m'khosi. Kansalu kaja ndinakavula kudzera kumutu osamasula mfundo, n'kukakung'untha pabondo. Pansi pa fumbi panaoneka duwa limodzi lachikasu ndi theka la linzake. Kanali kofewa. Masiku anayi ndinakhala ndikupuma kudzera m'bulangete la mkazi wanga, osamva kanthu.

Ndinamusiya Tryson akukulunga mawaya ake, ndinayenda kupita kumsewu. Safiya anali pafupi ndi mlatho, pomwe amayi amagulitsa chambo kwa apaulendo, chikwama chili pamapazi. Atandiona anayang'ana kumbali.

"Katsala aka," ndinatero.

Anakayang'ana, anakalandira ndi zala ziwiri. Anakaika pamphuno n'kutseka maso, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa.

"Fumbi la faiba," anatero. "Ndi thukuta lanu."

Ndinagwedeza mutu. Ndinalibenso china choti ndipereke. Koma iye ndi telala, nsalu amaidziwa kuposa ine. Anakatembenuza, anaona mfundo ija, yomwe ndinaimanga zolimba ngati ya chingwe cha nangula. Analimbana nayo ndi zikhadabo, inakana, anailuma ndi mano mpaka inamasuka. M'kati mwa mfundomo nsalu inali yobiriwira bwinobwino, yopanda fumbi, yokwinyika. Anaifumbata m'manja onse awiri n'kuikamo mphuno.

Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Alimo," anatero. "Pang'ono, koma alimo."

Minibasi ya ku Salima inaima, kondakitala akuitana, dzanja lili kale pachikwama chake. Safiya anachiponda ndi phazi kuti asachinyamule. Mawu amene anatuluka pakamwa panga sindinawakonzekere.

"Tandiuza, mwana wanga. Amanunkhira bwanji?"

Anatsitsa manja n'kundiyang'ana.

"Simukudziwa?"

"Pamene unkabadwa, mphuno inali itayamba kale kufa. Ndinaiwala. Ndayesa kukumbuka, palibe."

Kondakitala anatukwana pang'ono, anamenya chitseko, minibasi inapita. Safiya ananunkhizanso, mosamala, ngati munthu wowerenga kalata yofufutika.

"Mafuta a kamfa aja ankapaka m'miyendo. Utsi wa udi, umene ankafukiza Lachisanu. Sopo wobiriwira." Anaima kaye, n'kuseka kamodzi misozi ili m'masaya. "Ndi rezini, ababa. Osati wa lero, wakalekale. Amayi ankanunkha rezini wanu masiku onse, chifukwa chochapa malaya anu. Kusukulu anzanga ankandiseka nazo."

Sindinalire, ndisakunamizeni. Ndinangoima pamenepo, ntchentche za pamsika wa nsomba zikutera pamapazi, ndikubwereza mumtima: kamfa, udi, sopo, rezini. Ndinkaopa kuti ndiiwala chimodzi.

Safiya anatsegula chikwama, anatulutsa sizasi yake yosokera, n'kudula kansalu kaja pakati, aliyense mbali imodzi ya pomwe panali mfundo. Chidutswa chimodzi anachikulunga m'mpango wake. China anandiika m'manja n'kundipinda zala.

"Ndichitenji nacho?" ndinafunsa. "Ine sindimva."

"Mukachiike m'botolo louma, mutseke zolimba. Osati kushedi, m'nyumba." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndikabwera pa Idi ndidzakuuzani ngati akadalimo."

Minibasi yachiwiri anakwera. Ndikubwerera ndinakumana ndi Sienta ya Tryson ikukhotera kumpoto, magalasi akunjenjemera, maluwa a Aziza ali kubuti pamodzi ndi thumba la chinangwa. Anandiimbira hutala, ine ndinakweza dzanja lomwe linali lopanda kanthu.

Kunyumba ndinapeza botolo la kofi lopanda kanthu. Ndinalitsuka kawiri ndi madzi otentha, ndinaliumitsa padzuwa, kenako ndinapita nalo kwa Rahila kuti alinunkhize kaye ndisanaikemo.